Kasanjidwe ka ndondomeko 49 zoyendetsera mapulojekiti

Ogwira ntchito m'boma omwe akuphunzira kuti apeze satifiketi ya PMP amakumana ndi ndondomeko 49 zoyendetsera pulojekiti. Satifiketiyi imaperekedwa ndi bungwe la Project Management Institute la ku America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969 ndipo linayamba kulembetsa mayesowa mu 1984.

Buku la PMBOK Guide la mu 2017 linagawa ndondomekozi m'magulu asanu. Kuyambitsa ntchito kuli ndi ndondomeko 2, kukonza mapulani 24, kugwira ntchitoyo 10, kulondoloza ndi kuwongolera 12, ndipo kutseka kuli ndi imodzi. Motero pafupifupi theka la ndondomekozi ndi la mapulani.

Ndondomeko zomwezo zimagawidwanso m'nthambi khumi: kulunzanitsa ntchito yonse, malire a ntchito, nthawi, ndalama, ubwino wa ntchito, anthu ndi zipangizo, kufalitsa uthenga, zovuta zomwe zingagwe, kugula katundu, komanso anthu okhudzidwa. Ndondomeko iliyonse imakhala m'gulu limodzi ndi m'nthambi imodzi, ndipo wophunzira amayenera kudziwa zofunika poiyamba, njira zoigwirira komanso zomwe imatulutsa.

Kasanjidweka kamamveka bwino pokayerekeza ndi ntchito za makhonsolo, omwe anapatsidwa udindo wa chitukuko ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998. Mwachitsanzo, ngati anthu a kwa T/A Chulu m'boma la Kasungu apempha mlatho woti fodya azifika msanga ku msika wa Chinkhoma, pempho lochokera ku VDC kudzera ku ADC mpaka khonsolo italivomereza ndiko kuyambitsa. Kuyeza malo, kulemba bajeti ndi kuonetsetsa kuti ntchito ithe mvula isanagwe ndi mapulani. Kusankha kontilakitala ndi kumanga ndiko kugwira ntchito, pomwe kupereka mlathowo kwa anthu ndi kutseka mabuku a ndalama ndiko kutseka.

Magulu asanuwa si masitepe ongotsatana. Kulondoloza kumachitika kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, chifukwa ofesala amene adikira kuti ntchito ithe asanakaione amapeza ndalama za boma zatha mlatho uli pamaziko.

Mu 2021 bukuli linatuluka ndi kasanjidwe kena kotsamira pa mfundo 12, koma mu 2022 bungweli linasunga ndondomeko 49 zija m'buku lapadera. Choncho wolemba mayeso ayenera kutsata silabasi ya chaka chomwe akulemberacho.