Black Coffee ndi ndani? Mbiri ya DJ amene anafikitsa ng'oma za kwawo ku Grammy

Masiku ano mawu oti Afro house ali paliponse, kaya pa TikTok, kaya pamapositala a zoimbaimba za Loweruka m'tauni muno. Ambirife timangovina basi, koma mutafunsa kuti nyimbozi zinachokera kuti, anthu amayamba kukanda m'mutu. Ndiye lero ndati ndikuyalireni mbiri ya munthu amene dzina lake silisowa pa nkhaniyi, Black Coffee wa ku South Africa. Inu amene mukulota zodzakhala DJ kapena pulodyusa, powerenga muziwerengetsa zaka zake, chifukwa phunziro lagona pamenepo.

Dzina lake ndi komwe anakulira

Dzina lake lenileni ndi Nkosinathi Innocent Maphumulo. Anabadwa pa 11 March 1976 ku Umlazi, mumzinda wa Durban. Makolo ake atasiyana, anakakulira kwa agogo ake aakazi ku Ngangelizwe, dera la anthu wamba m'tauni ya Mthatha, m'chigawo cha Eastern Cape.

Mu February 1990, ali ndi zaka 13, anali m'gulu la anthu amene ankasangalalira mumsewu nkhani ya kutulutsidwa m'ndende kwa Nelson Mandela. Mwadzidzidzi galimoto inalowerera m'chigulucho. Iye anapulumuka, koma mitsempha ya paphewa imene imayendetsa mkono wamanzere inawonongeka, moti mkonowo unasiya kugwira ntchito. Mukaonetsetsa mavidiyo ake muona kuti nthawi zambiri dzanja lamanzere limakhala m'thumba. Ena amaganiza kuti ndi sitayilo chabe, koma ayi ndithu, mkuluyu amasakaniza nyimbo ndi dzanja limodzi.

Nanga Afro house n'chiyani?

House inayambira ku Chicago, ku America, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo dzinalo ambiri amati linachokera ku malo ovinira otchedwa Warehouse, kumene Frankie Knuckles ankaika nyimbo. Chizindikiro chake ndi ng'oma yaikulu yogunda mofanana osapumira, kanayi kanayi: du, du, du, du.

Nyimbozi zitafika ku South Africa, achinyamata a ku Johannesburg anazichepetsa liwiro n'kuikamo chilankhulo cha m'misewu, mpamene panabadwa kwaito m'zaka za m'ma 1990. Ena anasunga liwiro la house, pafupifupi kugunda ka 120 pa mphindi, koma pamwamba pake n'kuyalapo ting'oma tating'ono, maseche ndi mawu oimbidwa m'Chizulu kapena Chixhosa. Ng'oma yaikulu imayenda njira yowongoka pamene ting'oma tinato timadumphadumpha pakati pake, monga zimachitikira pa gule aliyense wa ng'oma zingapo. Kukokana kumeneko n'kumene kumagwedeza chiuno. Musasokoneze ndi amapiano: iyo imayenda pang'onopang'ono kuposa apa, ndipo imadziwika ndi besi yake ija amati log drum.

Sukulu ndi chiyambi

Black Coffee anaphunzira nyimbo za jazz ku Technikon Natal, imene pano ili mbali ya Durban University of Technology. Anaimbako ngati wothandizira mawu kwa katswiri wa gitala Madala Kunene, kenako iye ndi anzake awiri, Shota ndi Demor, anayambitsa gulu lotchedwa Shana. Mu 2003 anasankhidwa kukachita nawo maphunziro a Red Bull Music Academy ku Cape Town. Jazz ija imamveka mpaka lero m'nyimbo zake, makamaka mmene amayalira piyano ndi mmene nyimbo imakwerera mosafulumira.

Chimbale chake choyamba, chotchedwa Black Coffee, chinatuluka mu 2005 kudzera ku kampani yakeyake ya Soulistic Music. Apa n'kuti ali ndi zaka 29.

Stimela, nyimbo imene ikutikhudza ifenso

M'chimbale choyambacho munali Stimela, nyimbo ya Hugh Masekela ya m'zaka za m'ma 1970, imene Black Coffee anaikonzanso mwa house. Nyimboyi imanena za sitima ya pamtunda imene inkanyamula amuna kuchokera m'maiko oyandikana nawo kupita nawo kumigodi ya ku Johannesburg, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique amatchulidwamo. Amene muli ndi agogo amene anapita ku Joni pa Wenela, nkhani yawo ndi imeneyi. Taganizani, mnyamata akufuna kutchuka, koma akuyambira pa nyimbo ya madandaulo a anthu a kumigodi. Kwa ine, apa mpamene anaonetsera njira imene adzayende moyo wake wonse.

Zaka zofunika kuzidziwa

- 2007: chimbale chachiwiri, Have Another One.
- 2009: Home Brewed, mmene muli Superman, imene anaimba ndi Bucie.
- 2010: anaika nyimbo kwa maola 60 ku Maponya Mall, ku Soweto.
- 2011: anajambula Africa Rising pa bwalo la Moses Mabhida ku Durban, limodzi ndi gulu la oimba zida 24. Inatuluka mu 2012.
- 2015: Pieces of Me, mmene muli We Dance Again, imene anaimba ndi Nakhane.
- 2016: anapata mphoto ya BET ya Best International Act: Africa.
- 2017: Drake anamanga nyimbo ya Get It Together pamwamba pa Superman, m'chimbale cha More Life. Chaka chomwecho Black Coffee anayamba kumaika nyimbo mokhazikika ku Hï Ibiza, ku Spain.
- 2018: Drive, limodzi ndi David Guetta.
- 2021: Subconsciously, mmene muli Usher, Pharrell Williams ndi Diplo.
- 2022: mu April, Subconsciously inapambana Grammy ya Best Dance/Electronic Album. Anali munthu woyamba wa ku Africa kupambana m'gawo limeneli, ali ndi zaka 46.
- 2023: mu October anadzaza Madison Square Garden ku New York.

Zimene ine ndikuonapo

Tawerengetsani bwinobwino. Kuchoka pa chimbale choyamba kufika pa Grammy panadutsa zaka 17. Superman inatuluka mu 2009, Drake anadzaitola patatha zaka 8. Ikanakhala nyimbo yongopangira kuti itchuke sabata imodzi, bwenzi itaiwalika kalekale. Ife a m'badwo wa foni timafuna tikaponya nyimbo Lolemba, pofika Lachisanu tikhale tatchuka, zikakanika timati atilodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, aise.

Chachiwiri, anthu a ku Ibiza anali nayo kale house yawo, yochuluka zedi. Chimene Black Coffee anabwera nacho n'chimene iwo analibe: ng'oma ndi mawu a kwawo. Pali ena amadandaula kuti Subconsciously inapendekera kwambiri ku nyimbo za pop zachingerezi, ndipo ukaiyerekeza ndi Home Brewed kusiyana kumamvekadi. Komabe pofika nthawi imeneyo n'kuti dziko litamudziwa kale chifukwa cha nyimbo zakwawo zija.

Chachitatu ndi nkhani ya umwini. Anayamba ndi kampani yake kuyambira pa chimbale choyamba. Inu oimba achinyamata, musanasaine pepala lililonse, funsani kuti nyimboyo idzakhala ya ndani, nanga ndalama zake zizidzalowa m'thumba la ndani.

Ngati simunamumvepo, yambani ndi Stimela, kenako Superman, We Dance Again, n'kumalizira Drive. Mverani ndi mahedifoni, ndipo khutu lanu likhale pa ting'oma tating'ono tija. Mukatero mudzandiuze kuti ndi gule uti wa kwanu amene angakhale bwino pamwamba pa du, du, du, du ameneyu. Ine ndikuti manganje.