Kamdothi anayamba kale, maloboti abwera m'mbuyo

M'midzi ngati Zemba, m'boma la Chadiza, si zachilendo kumva akuluakulu akunena kuti kusakaniza nthano ndi za makina ndi khalidwe la azungu lobwera ndi mafoni. Amene amanena izi ali ndi poyambira. Mu 2012, mlembi wa ku America, Marissa Meyer, anatulutsa buku la achinyamata lotchedwa Cinder, m'mene Cinderella ndi makaniko wa mwendo wachitsulo mumzinda wa New Beijing. Koma mbiri yathu ikukana kuti zonsezi n'zobwera.

Ana a Achewa anakula akumva za Kamdothi, mwana amene mayi wosabereka anamuumba ndi dothi, nayenda, nasewera ndi anzake, koma mvula ikagwa anayenera kuthawira m'nyumba kuopa kusungunuka. Ameneyu ndi munthu wopangidwa ndi manja, wokhala ndi chilema chimodzi chimene womupanga analephera kuchotsa. Olemba za maloboti akulimbana ndi nkhani yomweyi mpaka lero.

Nthano zinafika papepala mochedwa. R. S. Rattray anasindikiza zina m'Chinyanja mu 1907. Kenako panabwera wailesi, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo ankasonkhanitsa mabanja pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia, akusinthasintha mawu yekha ndi kuveka nthano zakale zovala za nthawi yake. Omvera anazilandira ngati zawozawo.

Chimene chinasokonekera ndi chilankhulo. Kuyambira 1966 ana a sukulu ku Zambia anayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi kuchokera giredi 1, mabuku a Chinyanja osangalatsa achinyamata anacheperachepera, ndipo olemba aluso anatsata kumene kuli ogula.

Zotsatira zake zikuoneka bwino pa nkhani ya Malenga Mulendema wa ku Lusaka. Mu 2015 anasankhidwa pa mpikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, atapereka ganizo la katuni ya atsikana anayi a sukulu opulumutsa dziko. Netflix inalengeza za katuniyi mu 2019, ndipo inayamba kuonetsedwa mu July 2023 ndi dzina loti Supa Team 4. Lusaka wake ndi wam'tsogolo, wodzaza zipangizo zodabwitsa, koma wotsogolera atsikanawo ndi mayi wachikulire, Mama K, monga momwe ambuye amakhalira pakati pa adzukulu madzulo. Ndi ntchito yonyaditsa kwambiri. Chopweteka n'chakuti atsikanawo amalankhula Chingerezi, ngati mmene lilili buku la Namwali Serpell, The Old Drift, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020.

Mtsikana wa ku Zemba amene madzulo amayankhabe ambuye ake akamasimba za Kamdothi, akafuna nkhani ya makina amaipeza m'Chingerezi, pa foni yobwereka, bandulo isanathe.