Mwera

Munthu wakumtunda akamva mawu akuti mwera amaganiza za mbali ya dziko, kum'mwera, kosiyana ndi kumpoto. Koma kunyanja mwera ndi mphepo, ndipo dzina la mbaliyo ndi la mphepoyo n'limodzi, monganso mpoto ndi vuma. Imawomba kuchokera chakum'mwera cha kum'mawa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina masiku angapo osaleka. Popeza Nyanja ya Malawi ndi yaitali, mafunde amakula akamapita kumpoto.

Anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amaudziwa bwino mwera. Ukavuta, mabwato amakokeredwa pamchenga, usipa umasowa, ndipo wodwala amene afunika kupita ku Nkhata Bay amadikira nyanja ikhale bata. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti msodzi wopanda ufa m'nyumba amalowabe m'madzi ngakhale a zanyengo achenjeze pawailesi, ndipo ambiri alibe jekete zoyandamitsa.

Ngakhale sitima zazikulu zimauopa. Mu Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsikira kulichete.