Kumene Chithunzi Chimagona: Mbiri ya Makhadi a M'kamera

Pa mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba, m'boma la Lundazi, mumaona anthu atakweza mafoni ndi makamera kujambula ovina. Kodi munadzifunsapo kumene zithunzizo zimakagona?

M'masiku a agogo anu zinkagona pa filimu. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo wojambula ankapita nayo kukatsukitsa eni zithunzi akudikira. Mu 1975, Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America anapanga kamera yosafuna filimu. Inkasunga chithunzi pa kaseti, ndipo kuti chithunzi chimodzi chilembeke pankapita masekondi 23.

Makamera otere atayamba kuchuluka m'masitolo, makampani anayamba kulimbirana kuti khadi la yani ligwiritsidwe ntchito. SanDisk inatulutsa CompactFlash mu 1994, khadi lochindikala ndi lolimba, lotambalala ngati bokosi la machesi, limene akatswiri ojambula analikonda kwa zaka zambiri. Toshiba inatsatira mu 1995 ndi SmartMedia, lopyapyala kwambiri ndi losachedwa kupindika, ndipo silinapitirire mamegabaiti 128. Sony inabwera ndi Memory Stick mu 1998, lalitali ngati chingamu. Olympus ndi Fujifilm nawo anapanga xD mu 2002.

Tsono taganizani za munthu amene anagula kamera ya Olympus pamene mnansi wake ali ndi ya Sony. Khadi lake likadzaza pakati pa ukwati, sakanabwereka la mnzake, pakuti silikanalowa. Zinali ngati mudzi umene khasu lililonse lili ndi mpini wakewake.

Limene linapambana ndi SD, limene makampani atatu, Panasonic, SanDisk ndi Toshiba, analengeza pamodzi mu 1999. Kukula kwake n'kofanana ndi sitampa ya pa kalata. Ine sindiona kuti linaposa anzake onse m'kapangidwe. Mphamvu yake inali yakuti makampani ambirimbiri anagwirizana kuligwiritsa ntchito, mtengo wake n'kutsika. Pofika 2010, nayonso Sony inali itayamba kupanga makamera olandira SD. Kam'bale kake, microSD ka mu 2005, kochepa ngati chikhadabo, ndiko kamene anthu amaikamo nyimbo ndi zithunzi m'mafoni.

Ngakhale m'banja la SD muli kusiyana. Loyamba linkafika magigabaiti 2, SDHC la mu 2006 limafika 32, ndipo SDXC la mu 2009 limapitirira pamenepo kutali. Maonekedwe ndi amodzi, koma kamera yakale silingawerenge khadi la SDXC ngakhale litalowa bwinobwino. Musafulumire kunena kuti khadilo n'lakufa.

Filimu yakale mungaikweze padzuwa n'kuona nkhope ya agogo anu ndi maso anu. Khadi silitero: limafuna makina olidziwa, ndipo makina owerenga SmartMedia kapena xD akusowa chaka ndi chaka. Aphunzitsi, tumani ana akafunse kwawo ngati kuli kamera yakale m'sutikesi. Akapeza khadi, alembe dzina lake m'kope ndi kuyeza utali wake ndi rula, ndipo eni ake afunefune wowakoperera zithunzizo pa kompyuta makinawo akadalipo.