Mbiri ya Bwalo m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kale m'midzi ya Achewa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mudzi wopanda bwalo sunkayesedwa mudzi. Bwalolo linali malo olambula bwino patsinde pa mtengo wa mthunzi, monga kachere kapena mkuyu. Pamenepo ndi pamene mfumu inkaweruza milandu, amuna ankasema mipini ndi kuluka nsengwa, alendo ankafikira kudzapereka malonje, ndiponso gule wamkulu ankatulukira pa maliro ndi pa chinamwali. Linalibe mpanda kapena chitseko, pakuti mwini wake unali mudzi wonse.

Komabe si onse amene ankamveka mofanana pabwalopo. Amuna ndiwo ankakhala pafupi ndi mfumu, ndipo akazi ankakhala chapatali, ngakhale kuti mwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi. Mkamwini, pokhala wobwera pamudzi wa mkazi wake, mau ake anali ochepa, ndipo kapolo analibe mau koma mwa mbuye wake. Chotero mbiri ya bwalo iyenera kuwerengedwa ndi funso ili: ndani aloledwa kufikapo, kukhala pansi ndi kumveka?

M'zaka za m'ma 1800 Angoni analowa m'dzikoli, ndipo Chiwere anakhazikika ndi anthu ake m'mapiri a Dowa. Achewa ambiri anasiya midzi yao. Ena anabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, ena anamanga malinga nadzitsekera m'kati. Masiku amenewo mlendo amene kale akanampatsa mpando ndi madzi ankamuyesa kazitape, ndipo bwalo linachepa monga momwe mitima ya anthu inachepera ndi mantha.

M'chaka cha 1889 abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misoni ku Mvera, m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 inatsegulidwa ina ku Kongwe. Sukulu za m'midzi zimene zinatuluka m'menemo zinabweretsa chinthu chachilendo: Mngoni ndi Mchewa, mwana wa mfumu ndi mwana wa kapolo, mnyamata ndi mtsikana, ankakhala pa chipika chimodzi kuyang'ana mphunzitsi mmodzi. Koma mpingo sunkalola anthu ake kupita ku gule, ndipo a Nyau nawonso ankakaniza ana ao sukulu, kotero kuti midzi yambiri inakhala ndi mabwalo awiri osayenderana.

Boma la Angerezi, limene linayamba kulamulira dzikoli mu 1891, linadza ndi malo ake. Ku boma la Dowa munthu ankapita ataitanidwa, kukakhoma msonkho kapena kukayankha mlandu, ndipo ankadikira panja pa ofesi chipewa chili m'manja. Malamulo a mu 1933 anapatsa mafumu akuluakulu mphamvu yoweruza m'makhoti ao, okhala ndi alembi ndi mabuku, ndipo pang'onopang'ono milandu yaikulu inachoka patsinde pa mtengo n'kulowa m'nyumba. Phindu linalipo, pakuti chiweruzo chinalembedwa ndipo mvula sinkachibalalitsa; koma nkhalamba imene kale inkangotuluka m'nyumba n'kumva mlandu wonse inayenera tsopano kuyenda mtunda wautali. Dzina lokha ndilo linatsala, chifukwa mpaka lero khoti limatchedwa bwalo la milandu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, malo amalonda a m'mbali mwa msewu waukulu wopita kumpoto, monga Mponela ndi Madisi, anakula msanga. M'matauni otere msika ndiwo unatenga malo a bwalo, ndipo pa chinthu chimodzi unaposa bwalo lakale: pamsika munthu safunsidwa mtundu wake kapena mpingo wake, ndipo mau a mkazi wogulitsa tomato amveka monga a mwamuna wogulitsa mbuzi. Chovuta n'chakuti tauni yomera m'mbali mwa msewu imatsata zofuna za galimoto. Ogulitsa amakhala m'mphepete mwa phula, padzuwa, chifukwa ogula ali pamenepo, ndipo wakhungu, woyenda pa njinga ya olumala ndi mai wobereka mwana amapikisana njira ndi malole. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lakuti anthu olumala azitha kulowa m'malo onse a anthu, koma chikwero cha masitepe chimene chinamangidwa kale sichisalala ndi lamulo lokha.

Phunziro lalikulu pa nkhani imeneyi lapezeka ku Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda malowa anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. Mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, makamaka ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo, ndipo pofika 2021 munali anthu oposa 50,000, kuchulukitsa kangapo chiwerengero chimene malowo anakonzedwera. Mu 2014 mlakatuli wina wa ku Congo wokhala mumsasamo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha nyimbo, magule ndi ndakatulo chotchedwa Tumaini, mau a Chiswahili otanthauza chiyembekezo. Polowa panalibe malipiro. Oimba Achimalawi ndi othawa kwao anakwera pa nsanja imodzi, ndipo alendo ochokera kutali ankagona m'nyumba za mabanja a mumsasamo. Malo amene anamangidwa kuti atsekere anthu anakhala bwalo loitana anthu. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mu 2023 boma linabweza ku Dzaleka mokakamiza othawa kwao ambiri amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ndipo zimenezi zikumbutsa kuti chitseko chotseguka masiku ochepa pachaka sichikwanira.

Nkhani imeneyi imkhudza mphunzitsi watsopano pafupi kwambiri. M'midzi yambiri ya ku Dowa ndi Ntchisi bwalo la sukulu ndilo lasanduka bwalo la anthu onse: pamenepo ndi pamene makolo amachitira misonkhano, anthu amaponyera voti, ndipo anyamata amachitira mpira. Mphunzitsi alibe ndalama zomangira tauni, koma ali nawo mau pa malo amenewa. Angathe kuletsa kuti mtengo wa mthunzi usagwetsedwe, angathe kupempha komiti ya sukulu kuti isalaze njira yolowera m'kalasi ndi ya kuchimbudzi, ndipo pamsonkhano angathe kuitana amai ndi agogo kuti asendere kutsogolo. Asanasunthe kanthu, ayambe wafunsa iwo amene safika pabwalopo chifukwa chimene safikira. Ana amene akula akuona zimenezi ndiwo adzayeza misewu ndi misika ya Mponela ndi Ntchisi m'zaka zikudzazi.