Njovu za Majete ndi funso la mayi a kunyumba

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku Chikwawa ananditumizira chithunzi pa foni. Wavala yunifolomu ya alonda a nyama zakutchire, kumbuyo kwake njovu zikumwa madzi mu Shire. Pansi pake anangolemba kuti, "Aphunzitsi, funso la amayi lija munaliyankha?" Ndinaseka ndekha, kenaka ndinaona kuti ndi bwino ndilembe nkhani yonse pano, chifukwa ambiri a inu munangoimva mwapatalipatali.

Kalata yonditumiza ku sukulu ina ya m'boma la Chikwawa inandipeza ku Dedza kumapeto kwa 2003. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, choncho tinasamuka mvula ili mkati. Pa lole tinakweza bedi, mipando iwiri, mbaula, katoni ya mabuku ndi thumba la mbatata ya kachewere. Titayamba kutsetsereka makhota aja ochokera ku Blantyre kupita ku Thabwa, mayi a kunyumba anavula juzi, ndipo sanaivalenso mpaka Juni. Mbatata ija inaola isanathe sabata ziwiri. Madzi a pa mjigo anali amchere, udzudzu unali wosanena, ndipo usiku tinkayamba tagona pakhonde kudikira kuti malata azizire. Ife a ku Dedza, ozolowera kuotha moto, tinaphunzira kudya nsima ya mapira ndi kuyenda m'mamawa dzuwa lisanakwiye.

Sukuluyo inali CDSS, imodzi mwa zija zimene kale zinali ma DEC. Aphunzitsi tinali ochepa, ndiye ine ndinasenza History, Chichewa ndi Social Studies. Buku la History linali limodzi, langa lomwe. Mayi a kunyumba anali atasiyira sukulu pa JCE chifukwa cha fizi, ndipo ataona kuti pasukulupo pali makalasi a masana a anthu ofuna kulemba MSCE, analembetsa. M'mawa ankapita kudimba, masana n'kudzakhala pa benchi ya kumbuyo pakati pa atsikana amene akanatha kukhala ang'ono awo. Anthu ankanong'onezana kuti akazi a aphunzitsi akufuna chiyani m'kalasi. Iwo sanawalabadire. M'kalasi ankandiitana kuti aphunzitsi ngati wina aliyense, ndipo ndikawafunsa funso ankaimirira.

Tsiku lina ndinkaphunzitsa za ulendo wa David Livingstone. Ndinafotokoza kuti mu Januwale 1859 iye anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, nafika pa mathithi a Kapichira pomwe sitimayo inalephera kupitirira, ndipo mathithiwo anawatcha dzina la Murchison. Ndinawonjezera kuti podutsa dambo lalikulu la kumunsi, limene mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh, analemba kuti anaona njovu 800 nthawi imodzi. Ana analemba m'makope, belu linalira, tinaweruka.

Madzulo ake tili pa nyali, mayi anandifunsa kuti, "Abambo, mwati njovu 800. Chibwerereni kuno ine ndaona anyani amene akundithera chimanga kudimba, ndi mvuu imodzi. Nanga njovuzo zinapita kuti?" Ndinayankha ngati mphunzitsi wotopa, ndinati zimenezo sizili pa silabasi. Iwo anangoti, "Chabwino, koma ine mawa ndikafunsa pa mjigo." Kunena zoona ndinachita manyazi. Ndinali nditaphunzitsa mutu umenewu zaka zingapo, ndipo sindinaganizepo kuti Kapichira wa m'bukuyo ndi malo oti munthu n'kupalasa njinga kukafika.

Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Tinagawana ntchito. Iwo ankafunsa amayi pa mjigo, ku chigayo ndi pa maliro, ine ndinkafufuza m'mabuku ndikapita ku Blantyre kukalandira malipiro. Loweruka tinkakwera njinga imodzi kupita kwa agogo amene atiuza kuti amadziwa zakale. Zimene tinapeza ndi izi.

Choyamba ndi malonda a minyanga. M'zaka za m'ma 1800 minyanga inkafunika kwambiri ku India, ku Ulaya ndi ku America, komwe ankapangira zibangili, zipeso, mipira ya masewero a patebulo ndi makiyi a piyano. Inkatuluka kudzera ku Quelimane, Kilwa ndi Zanzibar, ndipo kawirikawiri oinyamula anali akapolo. Posinthana ndi minyangayo kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mwambo wa kuno unali woti njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi ndi wa mfumu mwini dziko, ndiye njovu inali chuma komanso ulamuliro. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi anakhazikika m'chigwa cha Shire pakati pa Amang'anja, ndipo poti anali ndi mfuti anasanduka mafumu. Maina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya akuchokera kumeneko. Nawonso ankasaka njovu ndi kugulitsa minyanga. Kampani ya African Lakes, ija timaitcha Mandala, itayamba mu 1878 inkagulanso minyanga yambiri, ndipo azungu osaka ndi mfuti zamphamvu anachuluka. Minyanga inali katundu wamkulu wotuluka m'dziko muno mpaka khofi anaipitirira m'zaka za m'ma 1890. Njovu za m'dambo lija zinatha m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi.

Chachiwiri ndi malamulo a atsamunda. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma linayamba kupatula malo osungira nyama. Mu 1897 Elephant Marsh inalengezedwa kukhala malo otere, koma njovu zinali zitatsala zowerengeka, ndipo mu 1911 lamulolo linachotsedwa. Mu 1926 kunabwera lamulo la nyama lokhwima kwambiri, loletsa njira zimene makolo athu ankasakira, monga maukonde, mbuna ndi misampha. Mzungu wokhala ndi ndalama ankagula layisensi n'kuombera, pomwe mwini mudzi amene nguluwe zikumudyera chinangwa ankasanduka wolakwa. Ngakhale amishoni a ku Scotland anatsutsa lamuloli poona kuti likuzunza alimi. Agogo ena anatiuza za uzimba, pamene mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, mauta ndi zibonga udzu ukapsa, nyama n'kugawidwa mwa dongosolo mpaka kwa amasiye. Iwo sankaona uzimba ngati umbava. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake anthu ambiri achikulire ankati nyama ndi za boma, ngati kuti si zawo.

Lengwe inapatulidwa mu 1928 pofuna kuteteza nyama zija zotchedwa boo, ndipo Majete inatsatira mu 1955. Majete ndi dera la mapiri ndi miyala, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 700, kumadzulo kwa Shire, ndipo mkati mwake mumadutsa mtsinje wa Mkulumadzi. Njovu zimene zinapulumuka m'chigwa zinabisala kumeneko, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinalipo zoposa 200.

Chachitatu ndi chimene anthu a pa mjigo ankachidziwa bwino kuposa mabuku, chifukwa anachiona ndi maso. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linalandira othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri anakhala ku Nsanje, Chikwawa ndi Mwanza. Mfuti zankhondo zinkadutsa malire mosavuta, mtengo wa minyanga unali pamwamba, alonda a nyama anali ochepa ndi opanda zida zokwanira, ndipo mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Pofika chaka chimenecho, chomwenso nkhondoyo inatha, mu Majete munalibe njovu ngakhale imodzi. Mayi wina anauza mayi a kunyumba mosabisa kuti tisamanamizire alendo okha, chifukwa odziwa njira za m'nkhalangomo anali ana a m'midzi yomweyo, ndipo nyama yake inadyedwa m'nyumba zambiri. Njala inalipo, ndipo palibe amene ankaganiza kuti njovu zingathe.

Ife tinafika ku Chikwawa nkhani itangoyamba kutembenuka. Mu 2003 boma, kudzera ku nthambi yoona za nyama zakutchire, linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse Majete kwa zaka 25. Chaka chomwecho kunabwera zipembere, kenaka njati, mbidzi ndi nyama zina. Mu 2006 njovu 70 zinabwera pa malole kuchokera ku Liwonde. Mu 2009 kunabweranso njovu 83 zochokera ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, komwe zinkaononga minda ndi kupha anthu, ndipo bungwe la IFAW ndi limene linathandiza kuzisamutsa. Mikango inabwera mu 2012 kuchokera ku South Africa. Njovu zinaswana mpaka mu 2016 ndi 2017 Majete pamodzi ndi Liwonde zinapereka njovu 520, zambiri mwa izo ku nkhalango ya Nkhotakota. Malo amene mu 1992 analibe njovu anafika pogawirako ena.

Koma musaganize kuti anthu onse anavina. Mbiri ya kubwera kwa njovu itamveka, tinapita kwa agogo ena aakazi amene tinkawachezera kawirikawiri. Ine ndinawauza nkhaniyi mosangalala, ngati ndabweretsa mphatso. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mwana wanga, iwe njovu umaidziwa ya m'buku. Ine inandidyera mapira munda wonse usiku umodzi, ndili ndi mwana kumsana." Pobwerera mayi a kunyumba anandidzudzula panjira kuti ndinalankhula ngati mlendo. Ananena zoona. Munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi amaona njovu mosiyana ndi munthu amene chakudya chake chonse chili m'munda. Mpanda wamagetsi wozungulira nkhalango unabwera kudzateteza minda ndi miyoyo, koma mpanda womwewo unasintha moyo wa anthu amene ankalowamo kukatema nsungwi, kumweta udzu, kufula uchi kapena kuotcha makala. Pambuyo pake panakhazikitsidwa dongosolo loti anthu azimweta udzu pa nthawi yake, kunabwera ulimi wa njuchi, ntchito ndi thandizo la fizi kwa ana ena. Ena anapindula, ena anaona kuti ataya. Zonse ziwirizi ndi mbiri, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kuzinena zonse.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene tinatenga ana a kalabu ya zachilengedwe kukaona nyama. Ambiri anabadwira pafupi ndi nkhalangoyo koma anali asanaonepo njovu, ndipo ine mphunzitsi wawo ndinali chimodzimodzi. Titakumana nazo pafupi ndi mtsinje, phokoso lonse la m'galimoto linatha. Mnyamata uja wa chithunzi, amene bambo ake anali mlenje wodziwika, anandinong'oneza kuti akafika kunyumba akawauza bambo ake kuti waziona zamoyo. Mayi a kunyumba anali nafe tsiku limenelo. Anaziwerenga ndi chala, anapeza zisanu ndi ziwiri, natembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zatsala 793." Ana anaseka mpaka woyendetsa galimoto anatikhazika chete.

Mayi anakhoza MSCE, History anapeza bwino kuposa maphunziro ena onse, ndipo kenaka anapita ku koleji ya aphunzitsi a pulayimale. Lero akuphunzitsa Sitandade 6. Ine kuchokera nthawi imeneyo ndinasintha kaphunzitsidwe. Ndikafika pa mutu wa malonda a minyanga ndi akapolo, kapena wa ulamuliro wa atsamunda, ndimayamba ndatuma ana kuti akafunse agogo awo zinthu zitatu: nyama zimene zinkapezeka m'dera lawo, chaka chimene anaziona komaliza, ndi amene ankaloledwa kuzipha. Mayankho amene amabwera amatsegula mutu wonse, chifukwa m'nkhani ya nyama muli nkhani ya malo, ya mfuti, ya njala ndi ya amene ali ndi mphamvu yolamula. Mwana akamva kuti agogo ake anaona ndi maso zimene zili m'buku, saloweza chabe, amayamba kufunsa.

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mwangolandira kalata yokutumizani kudera limene simunalifune, ndikudziwa mmene zimawawira. Koma musathe zaka zanu mukungowerenga masiku odikira transifa. Dera lililonse lili ndi mbiri yake, ndipo amene akuisunga akutha. Agogo aja a mapira anatisiya kalekale, ndipo zimene anatiuza zikanapita nawo kumanda pakanapanda kope la mayi a kunyumba. Yendani, funsani, lembani.

Kwa iwe mnyamata wanga wa chithunzi, yankho ndi limeneli, ngakhale lachedwa zaka makumi awiri. Amayi ako aja awerenga nkhaniyi ndisanaitumize, ndipo akuti ndawachepetsera mlandu anyani, chifukwa chaka choyamba chija kudimba sanakololeko ngakhale dengu limodzi. Akutinso ukawerenge njovuzo bwinobwino, uwauze zafika zingati.