Singano ya Likodzo ndi Chiwindi cha Egypt

Ndinayamba unamwino sirinji zikadali zagalasi. M'mawa uliwonse tinkaziwiritsa pamodzi ndi singano, n'kuzivuula ndi chopanira, ndipo singano ikabuntha tinkainola. N'chifukwa chake mbiri ya dziko la Egypt imandikhudza kwambiri: anamwino akumeneko ankagwira ntchito yomweyo, ndi mtima womwewo wofuna kuchiritsa.

Nkhaniyi ikuyambira pa likodzo, matenda amene ife a m'mphepete mwa nyanja timawadziwa bwino. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Nile ku Egypt amaswera m'ngalande zothirira minda, momwe mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Ku Cairo komweko ndi kumene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatulukira nyongolotsi yake mu 1851. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, boma la Egypt linkayenda mudzi ndi mudzi kubaya anthu mankhwala otchedwa tartar emetic. Munthu mmodzi ankabayidwa pamtsempha maulendo oposa khumi kuti amalize mankhwalawo. Anthu pamzere anali piringupiringu, sirinji zinali zochepa, ndipo mpata woti ziwire mokwanira unkasowa. Kadontho ka magazi kotsalira m'singano kankachoka mwa uyu n'kulowa mwa winayo.

Obayawo sankadziwa chimene ankafalitsa, pakuti kachilombo ka hepatitis C kanali kasanadziwike. Wofufuza wina, Harvey Alter, anali ataona kuti anthu ena oikidwa magazi ankadwala chiwindi popanda hepatitis A kapena B, koma kachilombo kenikeniko kanatulukiridwa mu 1989 ndi Michael Houghton ndi anzake. Awiriwa, pamodzi ndi Charles Rice, analandira mphoto ya Nobel mu 2020.

Kachilomboka kamadya ngati chiswe mumtanda wa denga: kunja kuli bwinobwino, m'kati mwatha. Munthu amalima, kukwatira, kulera ana zaka 20 kapena 30 osamva kanthu. Kenako chiwindi chimauma, mimba imatupa, maso amachita chikasu, ena mpaka khansa. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka 15 mpaka 59 ku Egypt, pafupifupi mmodzi anali ndi kachilomboka m'magazi. Mankhwala a nthawiyo, jakisoni wa interferon, ankatenga pafupifupi chaka, ankafooketsa thupi, ndipo ambiri sankachira.

Zinthu zinatembenuka mu 2014. Mapiritsi a sofosbuvir, amene ku America ankagulitsidwa madola 84,000 pa munthu mmodzi, boma la Egypt linawapeza pa madola pafupifupi 900, ndipo pambuyo pake mafakitale a m'dzikomo anayamba kupanga okha motchipa kwambiri. Mu Okutobala 2018 a zaumoyo anayamba kuyeza dziko lonse, ndipo m'miyezi isanu ndi iwiri anayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni. Ankayamba ndi kadontho ka magazi a pachala, koonetsa ngati munthu anakumanapo ndi kachilomboka. Popeza matupi ena amakagonjetsa okha, opezeka nacho chizindikirocho ankayezedwanso ndi njira yotchedwa PCR kuti zidziwike ngati kachilomboko kakadalimo. Amene anali nako ankalandira mapiritsi a milungu 12 kwaulere, ndipo oposa 95 mwa 100 alionse amachira ndi mankhwala amenewa. Mu 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Egypt ndi dziko loyamba kufika pa mlingo wa golide panjira yothetsa matendawa.

Chimene ndimalemekeza n'chakuti dzikolo silinabise bala lake. Boma limene kale linkafika m'midzi ndi singano linabwereranso m'midzi yomweyo ndi zoyezera ndi mapiritsi.

Lero ana athu amamwa praziquantel kusukulu pothana ndi likodzo, ndipo sirinji imabaya kamodzi n'kuponyedwa m'bokosi. Koma hepatitis C alibe katemera, ndipo ife akale tikuyendabe ndi magazi amene anakumana ndi singano zowiritsa, malezala obwerekana potema mphini, ndi magazi oikidwa kuyeza kusanayambe. Ine singano zinandilasapo pachala kangapo ndili pantchito, choncho ndinakayezetsa. Anzanga a msinkhu wanga, kafunseni kuchipatala chiwindi chisanayambe kudandaula.